Musanagule shuga wa jamu, ganizani za chutney

Kuyambira kumapeto kwa Novembala kufikira Januwale, pansi pa mitengo ya mango m'midzi yathu pamakhala phwando la nkhumba ndi nchenche. Ana amadya mpaka milomo kucita zilonda. Amayi amandandalika mabeseni m'mbali mwa msewu wa Great East, koma wogula acokera kuti pamene aliyense ali ndi mtengo wake kuseri kwa nyumba? Miyezi itatu ikapita, munthu yemweyo amene ankaponda mango ndi mapazi amanyamula botolo la jamu m'sitolo ku Chipata kapena ku Katete, n'kuyang'ana mtengo, n'kulibwezera pamalo pake.

Anthu akaona kuonongeka kumeneku, langizo lawo loyamba limakhala lakuti tipange jamu. Langizoli si loipa, koma ine ndikuona kuti kwa mlimi amene ndalama zake n'zowerengeka, jamu si poyambira. Poyambira ndi chutney. Ndipo amene akufuna kusunga zipatso m'botolo mochipa ayenera kudziwa bwino lomwe pamene angaumire ndi pamene sayenera kuumira ngakhale ngwee imodzi.

Chutney ndi zipatso zophikidwa pamodzi ndi viniga, shuga, mcere, anyezi ndi tsabola mpaka zitagwirana ngati phala lolimba. Dzinali linacokera ku India, ndipo kwa ife a kum'mawa kuno si cinthu cacilendo kwenikweni, pakuti mabanja a amalonda ocokera ku India akhala ku Chipata kuyambira tauniyi ikuchedwa Fort Jameson, ndipo mango awisi sanasowepo pa mbale zawo. Ngakhale popanda iwo, lilime lathu limadziwa kale kukoma kotere. Mwana amene amabisa mcere ndi tsabola m'kapepala n'kukatsomphola mango awisi ali kale pa theka la njira. Timadya lumanda, timamwa madzi a bwemba, timanyambita ufa wa malambe. Zowawasa si zonyansa kwa ife.

Cifukwa coyamba cimene ndikuikira chutney patsogolo ndi masamu a shuga. Jamu wosungika amafuna shuga wolemera mofanana ndi zipatso zake: kilogalamu ya zipatso, kilogalamu ya shuga. Madzi akauluka pophika, kilogalamu imodzi ya shuga imakupatsani jamu woposa pang'ono kilogalamu ndi theka. Chutney amafuna theka la shuga ameneyo. Kilogalamu yomweyo imodzi imakwanira makilogalamu 2 a mango, ndipo pamapeto mumakhala ndi chutney woposa makilogalamu awiri ndi theka. N'zoona kuti muyenera kugulanso botolo la viniga, ndiye musaganize kuti mtengo watsika ndi theka ndendende. Komabe cinthu cimene cikudzaza botolo mu chutney ndi cipatso ca pa mtengo wanu, pamene mu jamu gawo lalikulu la botolo ndi shuga wocokera ku Nakambala, amene mtengo wake simuika ndinu.

Caciwiri ndi cakuti chutney amafuna mango okhwima koma osapsa. Mfundo imeneyi ndi yaikulu kuposa mmene imaonekera. Nchenche za zipatso, makamaka mtundu uja wocokera ku Asia umene unaonekera koyamba mu Africa ku Kenya mu 2003 n'kufalikira mpaka kuno, zimakonda kuboola cipatso cikayamba kupsa ndi kufewa. Mukadikira mango akupsa kuti mupange jamu, mumapeza kuti ambiri ali ndi mphutsi mkati, ndipo otsalawo ayenera kuphikidwa lero lomwe asanavunde. Mango awisi amakupatsani mpata. Mumawathyola nchenche zisanawalowe kwambiri, amatha kudikira masiku awiri kapena atatu pamthunzi, ndipo ali ndi kuwawasa kwawokwawo kumene kumathandiza viniga pa nchito yake. Ngakhale mango athu aang'ono aulusi, amene akapsa amavuta kusefa, akakhala awisi amadulika bwinobwino ndi mpeni. Amene mphepo yagwetsa usiku ndi oyenera ngati sanaphwanyike kapena kuyamba kuola. Koma botolo si cipatala, cipatso covunda sicicira cifukwa mwacithira shuga.

Cacitatu ndi funso limene ambiri safunsa: tidzadyera ciyani? Jamu amafuna buledi, ndipo buledi amagulidwa. Banja limene limaona buledi kawiri pa mwezi lidzakhala ndi jamu wongonyambitidwa ndi ana mobisa mpaka atatha. Chutney amapita pa mbale imene tili nayo kale. Supuni imodzi pambali pa nyemba, pa kapenta, pa mfutso wa mu Okutobala umene aliyense watopa nawo, imasintha nsima yonse. Amayenda ndi cinangwa cophika, ndi kandolo, ndi mpunga. Sakutenga malo a ndiwo ayi, koma amadzutsa ndiwo zimene zagona.

Kapangidwe kake si kovuta. Tsukani mango bwino kuti utomoni ucoke, pakuti utomoni wa mango awisi umawaula khungu ndipo ena umawatulutsa zotupa. Sendani, dulani tizidutswa, ndipo yezani pa sikelo makilogalamu 2 a mnofu wokhawokha, osawerengera makungu ndi njere. Konzani anyezi awiri apakatikati, osapitirira magalamu 300, shuga kilogalamu imodzi, viniga botolo limodzi la mamililita 750 pamodzi ndi madzi a mandimu awiri, mcere supuni yaikulu imodzi, jinja, adyo pang'ono, ndi tsabola monga mmene banja lanu limakondera. Sungunulani shuga mu viniga pamoto, thirani zonse, ndipo zikawira cepetsani moto kuti ziphike pang'onopang'ono poto ali wosavundikira. Takasani kawirikawiri, makamaka ca kumapeto, cifukwa shuga sacedwa kupserera. Pakatha pafupifupi ola, dutsitsani mthiko pansi pa poto: kanjira kakatsala koonekera kwa kanthawi popanda viniga kuthamangiramo, chutney wapsa.

Tsopano ndifike pamene mtima wanga uli, pa viniga. Munthu woumira akaona muyezo umenewu, dzanja lake limathamangira kucepetsa cimene wagula ndi ndalama. Amathira theka la botolo n'kuonjezera madzi, poganiza kuti viniga ndi wokometsera cabe ngati tsabola. Ayi ndithu. Mu chutney viniga ndiye mlonda. Tizilombo tambiri tosaoneka ndi maso timene timaononga cakudya sitikula pamalo owawasa kwambiri. Akatswiri amayeza kuwawasa ndi muyezo wochedwa pH, ndipo malire amene amawasamala ndi 4.6: cakudya cikakhala pansi pa nambala imeneyi, kacilombo koopsa kochedwa Clostridium botulinum sikangakule. Kacilombo kameneka kamakhala m'nthaka, mbewu zake sizifa ndi madzi owira, ndipo kamakonda malo opanda mpweya, monga mkati mwa botolo lotsekedwa bwino. Poizoni wake amafooketsa minofu mpaka munthu kulephera kupuma, ndipo coipitsitsa n'cakuti nthawi zina botololo silinunkha kapena kusintha maonekedwe. Cuku cimaoneka ndi maso, ndipo cosasa cimamveka ndi mphuno, koma uyu amabwera mwakacetecete.

Cifukwa cake gulani viniga amene pa botolo palembedwa kuti 5%, ndipo musamusungunule ndi madzi. Ndikudziwa kuti ena mwa inu mumapanga viniga wanu kucokera ku nthoci kapena makungu a nanazi, ndipo ndi luso labwino. Mugwiritseni nchito pa ndiwo za lero ndi za mawa. Koma mphamvu yake simuidziwa, mwezi uno ikhoza kukhala yokwanira, mwezi wamawa theka, ndipo botolo limene mudzatsegule pakatha miyezi isanu ndi umodzi silingadalire mlonda amene simukudziwa ngati ali maso. Pa cifukwa comweco musaculukitse anyezi, kaloti kapena maungu kuti poto adzaze. Zimenezi zili ndi asidi wocepa kwambiri, ndipo cidutswa ciliconse coonjezera cikufooketsa viniga amene munayeza. Nyemba zaziwisi, bowa, nsomba ndi nyama siziyenera kutsekeredwa m'botolo pakhomo ndi madzi owira okha. Zimafuna kutentha kwa madigiri 121, kumene poto wamba sangafikepo. Zimenezo makolo athu anazipezera kale njira, ndiyo dzuwa, utsi ndi mcere.

Nanga poumira ndi pati? Poyamba pa mabotolo. Musagule atsopano. Mabotolo agalasi a mayonezi, a jamu ndi a khofi amatayidwa tsiku ndi tsiku m'nyumba za aphunzitsi, m'malesitilanti ndi m'malo ogona alendo, ndipo munthu wopempha mwaulemu mu Ogasiti amafika Disembala ali ndi katoni yodzaza. Yendetsani cala pamlomo pa botolo lililonse; likakhala ndi kobenthuka ngakhale kakang'ono, sungiranimo mbewu za ndiwo. Galasi silikalamba, koma citsekero cimakalamba. Yang'anani mkati mwake: utoto woyera uja ukhale wosapalika, kamphira ka m'mbali kakhale kofewa, ndipo pasakhale dzimbiri, cifukwa viniga amadya citsulo cosakutidwa. Citsekero cokayikitsa n'cimene cimataya nchito ya tsiku lonse. Mabotolo apulasitiki a cimponde amapindika akalandira zotentha, asiyeni.

Muthanso kuumira pa zokometsera. Mabuku a ku Ulaya amachula mphesa zouma ndi zonunkhira zina zamtengo wapatali, koma palibe ciliconse mwa izo cimene cimasunga chutney. Tsabola, anyezi, adyo ndi jinja zimamera pa dimba. Amene ali pafupi ndi mtengo wa bwemba aonjezereko madzi ake pang'ono, pamwamba pa viniga osati m'malo mwake. Pa moto, zitsononkho zouma zimene munasunga pokolola zimayaka bwino pa citofu cosunga nkhuni, ndipo poto wotakasuka pakamwa amaulutsa madzi msanga kuposa wakuya, motero nkhuni zimapita zocepa. Poto yekhayo asakhale wa mkuwa, wa citsulo cocita dzimbiri, kapena uja wosulidwa kucokera ku zidutswa za aluminiyamu zotoleza, pakuti asidi amasungunula zitsulo zimenezi n'kuzilowetsa m'cakudya. Ngati mulibe poto wa stainless steel kapena wa enamelo wosabenthuka, bwerekani. Mthiko nawonso ukhale wakewake, osati wa nsima.

Kutseka botolo ndi nchito ya madzi owira basi. Njira imeneyi anaifalitsa ndi Mfalansa wina, Nicolas Appert, mu 1810, ndipo zida zake zinali galasi, moto ndi madzi, zomwe ifenso tili nazo. Tsukani mabotolo ndi sopo, awiritseni, ndipo thiranimo chutney onse awiri akali otentha. Siyani mpata wa cala cimodzi pamwamba, pukutani pamlomo ndi kansalu koyera, tsekani, ndipo ikani mabotolowo mu poto wamkulu woyalidwa nsalu pansi, madzi atawamiza. Apa pali cimene mabuku ambiri ocokera kunja satiuza. Dziko lathu n'lokwera. Chipata ili pamtunda woposa mamita 1,000 kucokera pa nyanja yamcere, ndipo pamtunda wotere madzi amawira pa madigiri pafupifupi 96, osati 100. Madzi athu owira ndi ozizirirapo pang'ono, conco pamene buku lanena mphindi 10, ife tiwiritse mphindi 15, kuwerenga kuyambira pamene madzi abwadamuka. Mabotolo akazizira, pakati pa citsekero payenera kulowa mkati. Botolo limene citsekero cake cikudidizika n'kubwerera silinatseke. Limenelo lidyedwe m'masiku ocepa.

Pali mau otsutsa amene ndimawalemekeza, cifukwa amacokera kwa anthu odziwa munda. Iwo amati: mango amabwera pa nthawi yoipitsitsa. Disembala ndi mwezi wobzala ndi kupalira, ndalama zonse zapita ku feteleza, Januwale akubwera ndi mayunifomu ndi makope, ndipo m'nkhokwe cimanga cayamba kuonetsa pansi. Ndani angasiye khasu kuti akatakase mango, ndipo shuga agula ndi ciyani? Funso limeneli ndi loona, ndipo aliyense wolangiza za jamu popanda kuliyankha akulankhula ali mu ofesi.

Yankho langa ndi lakuti chutney wa Disembala amagulidwa mu Julayi. Pamene mwagulitsa nshawa, soya kapena mpendadzuwa, patulani makilogalamu awiri a shuga ndi mabotolo awiri a viniga, muziike pamalo ouma pamene nyerere ndi alendo a tiyi sangafikepo. Zinthu ziwirizi sizionongeka zikasungidwa bwino. Timacita kale zotere ndi mbewu ndi feteleza, ndipo palibe amene amadabwa. Za nthawi, musalote migolo. Muyezo ndaupereka pamwambapa ndi nchito ya masana amodzi, tsiku limene mvula yakuingitsani kumunda. Poto wamng'ono amapsa bwino, ndipo akalakwika mwataya kilogalamu imodzi ya shuga, osati khumi. Ndionjezere kuti masana amenewo asakhale a mayi yekha amene wacokera kopalira, wakatunga madzi, ndiye asendenso mango beseni lathunthu. Anyamata amene mukuphunzira pano mumagwira mpeni womezanitsira mitengo mwaluso. Mpeni wosendera sudzakulumani.

Ena amati kuyanika n'kochipa kuposa zonsezi, popeza sikufuna shuga kapena botolo. Akunena zoona, ndipo pa masau a ku cigwa, amene amapsa m'nyengo yozizira dzuwa lili ngwee, sindingalangize cina. Cimodzimodzi pa nthoci ndi matimati a m'cilimwe. Koma mango amapsa mitambo itaphimba, ndipo zidutswa zoyanikidwa pa mphasa mu Disembala zimacita cuku zisanaume, pokhapokha muli ndi coumitsira cotsekedwa ndi pulasitiki. Amene ali naco acite zonse ziwiri.

Sindikuti jamu aiwalike. Nthawi yake yabwino ndi pamene mvula yatha, m'thumba muli kanthu, ndipo magwafa, lumanda ndi mandimu zilipo. Magwafa ndi zikhokho zofiira za lumanda zimagwirana mosavuta cifukwa zili ndi pekitini wambiri, cinthu ca m'cipatso cimene cimalimbitsa jamu. Papaya alibe pekitini wokwanira ndiponso sawawasa, conco amafuna madzi a mandimu awiri kapena atatu pa kilogalamu. Musagule pekitini wa m'paketi: mangani njere za mandimu ndi khungu loyera la mkati mu kansalu, muphikire pamodzi, n'kucotsa pamapeto. Poyesa ngati wapsa, donthezani pang'ono pa mbale imene mwaiziziritsa m'madzi a mu mtsuko. Akazizira n'kucita makwinya pomukankha ndi cala, cotsani pamoto. Lamulo la viniga lija likugwiranso nchito pa shuga wa jamu. Shuga amamanga madzi a m'cipatso kuti tizilombo tisawamwe, ndipo jamu wosungika amakhala ndi shuga pafupifupi magawo awiri mwa atatu a kulemera kwake. Mukamucepetsa, mwapanga phala la zipatso lokoma la sabata ino, osati cosunga. Amene m'nyumba mwawo muli wodwala matenda a shuga akumbukire kuti chutney nayenso ali ndi shuga wambiri. Ndi wa pa supuni, si wa pa cipande.

Za kugulitsa ndinene mwacidule, cifukwa ambiri amathamangira kumeneko asanadye ngakhale botolo limodzi la iwo eni. Caka coyamba pangirani banja lanu. Lembani pa botolo lililonse tsiku ndi muyezo umene munatsata, ikani pamalo amdima ndi ozizira, ndipo dikirani mwezi umodzi musanatsegule loyamba, pakuti chutney watsopano amaluma ndi viniga ndipo amafatsa akakhalitsa. Tsegulani lina mu Epulo, lina mu Ogasiti. Botolo lotupa citsekero, lotulutsa thovu kapena locita cuku litayidwe lonse m'dzenje popanda kulawa. Lotsegulidwa, ngati mulibe firiji, lithe msanga, ndipo supuni yolowamo ikhale youma ndi yoyera.

Mabotolo anu akapirira caka, pamenepo mungayambe kuganiza za msika. Ulipo: malo ogona alendo ku Mfuwe, malesitilanti a m'matauni, ophika machipisi, ndi mabanja a pa nchito amene amagula kale chutney wocokera ku South Africa m'masitolo aakulu. Koma cakudya cogulitsa cili pansi pa lamulo la Food Safety Act la 2019, ndipo musanaike botolo pa shelefu ya munthu wina pitani kwa oyang'anira zaumoyo ku khonsolo yanu, mufunsenso za miyezo ya Zambia Bureau of Standards. Powerengera mtengo ikanimo shuga, viniga, zitsekero, nkhuni, ulendo ndi tsiku lanu la nchito, osaiwala mabotolo amene sanatseke. Apa ndi pamene gulu limaposa munthu mmodzi: mabanja asanu angagule poto mmodzi wabwino, sikelo imodzi, zitsekero zatsopano ndi timapepala toyezera pH, n'kumasinthana masiku ophika.